Amake Ndani?

Dzina langa la ubatizo linatha ntchito tsiku limene ndinatuluka kwa azamba ndi mwana wamwamuna m'manja. Kuyambira pamenepo ndinakhala amake uje. Pano ndikulemba "uje" chifukwa dzina lenilenilo ndi lake, ndipo lavutika kale mokwanira m'kamwa mwa anthu. Mungodziwa kuti ndi dzina labwino, lalifupi, loti ukaliitana uli kukhola limamveka mpaka kumsewu.

Malemu amuna anga ankandiitana choncho, ngakhale tikakangana. Kumsika wa ku Chongwe, kumpingo, kuchigayo, kokapereka mkaka, konsekonse ndinali amake uje. Dzina limene makolo anga anandipatsa ku Katete linangotsala pachitupa, moti munthu akalitchula ndinkayamba ndacheuka kuona ngati pali wina kumbuyo kwanga. Sindinkadandaula ayi. Ndine munthu wokonda kutamandidwa, sindibisa, ndipo nthawi imeneyo dzina la mwana wangayo linkandiyenera.

Tinachoka ku Katete tili achinyamata n'kudzapeza kamunda kufupi ndi Palabana, kenaka ng'ombe ziwiri zamkaka. Amuna anga atamwalira anandisiyira ana awiri: mnyamatayo, ndi mlongo wake wamng'ono amene anabwera mochedwa, titasiya kale kuyembekezera. Mnyamata ndiye anatenga ntchito ya kukhola ndevu zisanamere n'komwe. Ankakama m'mawa, kumanga zigubu panjinga ya bambo ake, kukapereka mkaka, n'kubwerera kudzavala yunifolomu ya kusukulu. Ng'ombe yathu yakuda, yamwano ngati ine mwini wake, inkalola iye yekha. Ankaiimbira mluzu pang'onopang'ono, mutu atautsamiritsa pamimba pake, mkaka n'kumangoti choo m'ndowa. Azimayi anzanga ankati, "Amake uje, imwe munabala mwamuna." Ine n'kumachita ngati sindikumva, chonsecho khutu nditatchera.

Anthu amafuna kuti ndiloze tsiku limene zinayamba, koma tsikulo sindilidziwa. Ali mu giredi naini anayamba kuchedwa kobwerera kokapereka mkaka. Kenaka maso ofiira, kuseka pa zosaseketsa, kugona masana ngati wodwala malungo. Panali kagulu ka anyamata kamene kankakhala kuseri kwa mashopu a pamsewu, ndi chamba chawo ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa amene ankamwa alibe chifuwa. Pakhomo zinthu zinayamba kumera miyendo. Pampu ya njinga, nkhuku, wailesi ya bambo ake, mpaka mpope wopoperera ng'ombe mankhwala a nkhupakupa. Ndikamufunsa ankandiyang'ana m'maso osaphethira.

"Mami, manje mufuna kukamba kuti ndine kawalala?"

Ndipo dzina lija linayamba kulemera. Munthu akaima pageti n'kukuwa kuti "Amake uje!" ndinkadziwiratu kuti sanabwere kudzagula mkaka. Wina bakha wake wasowa, wina foni, wina mwana wake wamenyedwa. Ine ndinkatuluka chitenje nditamanga m'chiuno, pakamwa patatsogola. Ndinakangana ndi anthu ambiri m'dera lathu chifukwa cha mnyamata ameneyu, n'kumabwerera m'nyumba kukakangana naye mwini wake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Tinayesa zonse zimene anthu amayesa. Abusa anabwera kudzapemphera, iye anakhala phee mutu uli pansi, n'kuwaperekeza mwaulemu mpaka kumsewu, pobwera n'kudzaswa mbale. Aphunzitsi anandiitana mpaka anatopa nane. Amalume ake, amene mwamwambo ndiwo eni ake a mwanayo, anamutenga kupita naye ku Katete, koma mwezi usanathe anamukweza basi n'kundiimbira foni.

"Mlongo, uyu mwana wanikanga. Nimvelele chifundo, na ine nili na ana pano."

Ndinawanyoza amalumewo pafoni mpaka anaidula. Lero ndikawakumbuka ndimawamvetsa.

Tsiku limene zinathera linali Loweruka masana, nthawi yokolola. Ine ndinali m'munda kuseri kwa nyumba. Mnyamatayo anatenga chigubu chachitsulo cha mkaka kuti akachigulitse kwa ogula zitsulo, ndipo mlongo wake, amene anali mu giredi faivi, anachigwira kumbali ina nati n'cha mami. Ine ndinangomva kukuwa kumodzi, kenaka zii. Kukhala chete kumeneko ndiko kunandithamangitsa. Ndinapeza mtsikana ali pansi pafupi ndi khola, mkono utapindika pamalo pamene mkono supindika. Mnyamata anali chiimire ndi mpini wa khasu, akuuyang'ana ngati wina wangomuika m'manja.

"Mami, sininafune," anatero. "Sininafune."

Ndinabereka mtsikanayo kumbuyo, msinkhu wonsewo, mpaka kumsewu.

Kuchipatala anamwino atafunsa chimene chachitika, mwanayo anayankha yekha ndisanatsegule pakamwa. Anati wagwa panjinga. Anamuika chikhakha, tinakwera minibasi kubwerera, n'kutsika pamsewu. Koma titafika pamene kanjira kathu kamapatuka, anaima. Sanalire. Analankhula ndi mawu a munthu wamkulu amene waganiza kale.

"Mami, ngati alimo mu nyumba, ine siningena. Nizankhala pano."

Ndinayang'ana mwana wanga wamkazi ataima m'fumbi ndi mkono woyera, ndinayang'ana denga la nyumba yanga kutsogolo. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ana anga awiri sangagonenso pansi pa denga limodzi, ndipo kuti wosankha ndine. Mtsikanayo anakagona kwa aneba masiku angapo.

Mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu ankadziwa malo. Ndi famu ina kuseri kwa Lusaka, ya anthu opemphera, kumene amasunga anyamata ogwidwa ndi chamba ndi zina zotero. Kuli alangizi, namwino, ndi madimba. Oona za ana kuboma anatithandiza njira yake. Ndinkayembekeza kuti mnyamatayo akana, aswa zinthu, athawa. Sanatero. Anangofunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. M'mawa wa tsikulo anakama ng'ombe yakuda monga mwa masiku onse, anatsuka ndowa, anavula majombo ake n'kuwaika pakhomo pa khola. Tinakwera minibasi ya ku Lusaka, n'kukwera ina. Chikwama ananyamula yekha. Pageti la famuyo mlonda anandifunsa ngati ndine amake, ndinavomera, ndipo mwana wanga analowa osacheuka. Pobwerera ndinakhala pampando wa kumbuyo, nkhope nditaiphimba ndi chitenje, kondakitala n'kumaganiza kuti ndikuchokera kumaliro.

Palibe amene anandiuza kuti mtendere umapweteka chonchi. Nyumba inangoti zii. Pageti panalibenso wokuwa. Tsiku lina ndinaiwala foni pawindo n'kupita kumunda, pobwera ndinaipeza pomwepo. Ndinakhala pansi n'kulira ngati chitsiru, kulirira foni imene sinabedwe. Mtsikana anayambanso kudya bwino, kuseka, kuimba akamasesa, ndipo ine ndinkasangalala naye ndi mtima wonse. Koma mtima womwewo unkangoyang'ana kumsewu nthawi imene njinga inkabwera kale.

Ntchito ya kukhola inagwera ine. Ng'ombe yakuda inandikana poyera. Inkabisa mkaka, kuponda ndowa, kundikwapula ndi mchira kumaso. Kwathu mkazi saimba mluzu, koma ndinayang'ana uku ndi uku n'kuyesa. Kunangotuluka mpweya ndi malovu, ng'ombe n'kundicheukira ngati ikufunsa kuti mayi mwadwala. Ndinavala majombo a mwana wanga, aakulu moti ndinkaika nsanza kutsogolo. Njinga nayo ndinaphunzira ndi zigubu ndili ndi imvi. Ulendo woyamba ndinagwa pafupi ndi kamlatho, mkaka wonse n'kuyenderera mumsewu, azibambo amene ankakhala pansi pa mtengo n'kufa nacho chiseko. Ndinadzuka n'kuwauza kuti amene akuseka abwere anyambite, popeza ntchito ina alibe. Anasiya kuseka, koma panalibe wondithandiza kudzutsa njingayo.

Anthu ankandipepesa mwanjira zawo. Bambo wina wa kumpingo anandiuza kuti ndisadandaule, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinamuyankha kuti wanga si wa ng'ona, ndi wa munthu, ndipo dziwe lake ndi lino. Ambiri sankamutchula n'komwe. Ankafunsa za mkono wa mtsikana, za ng'ombe, za mvula, za chimanga, n'kulumpha mnyamata ngati akulumpha dzenje. Mwana akafa anthu amabwera kudzakhala nawe, amabweretsa nkhuni ndi ufa, amaimba. Mwana akachoka chonchi palibe amene amadziwa chobweretsa, ndiye sabwera.

Kenaka ndinaona zachilendo. Tsiku lina ndili kumsika wa ku Chongwe ndinamva mayi wina wogulitsa tomato, wa kumpingo kwathu, akuitana amake winawake. Dzina limene ankatchula linali la mtsikana wanga, koma maina amafanana, ndiye ndinangopitirira. Anandithamangira n'kundigwira mkono.

"Iyee, mwagontha? Ndimwe niitana!"

Ndinaganiza kuti lilime lamuterera. Koma Lachinayi, pamsonkhano wa azimayi kumpingo, amayi apampando poitana woti atsegule ndi pemphero anatchulanso chimodzimodzi, amake ndi dzina la mtsikana, akuyang'ana ine. Azimayi onse anali chete, maso ali pa ine, ena akumwetulira ngati andibisira mphatso. Ndinapemphera mwachidule kwambiri. Titatuluka ndinawakokera pambali amayi apampandowo n'kuwafunsa kuti dzina langa laipa liti.

"Osakalipa, mwana wanga," anatero atandigwira dzanja. "Tinakambilana ise azimai. Tinaona kuti ija zina ikulemelani maningi. Paliponse mukapita, bantu bakumbukila vija vintu. Tifuna mupumuleko."

Tinakambirana! Ndiye kuti anakhala pansi, ine kulibe, n'kugwirizana zondivula dzina ngati akuvula mwana malaya akuda. Ndipo sanachite mwankhanza, ndicho chinandisowetsa pogwira. Anachita mwachikondi chenicheni.

Koma ine ndimadziwa nthawi imodzi yokha imene mayi amasinthidwa dzina. Ndili mwana ku Katete, amayi anga ankaitanidwa ndi dzina la mchimwene wathu woyamba. Iye atamwalira, maliro atatha, anthu anayamba kuwaitana ndi dzina langa, kuti asamawatsegule bala tsiku ndi tsiku. Ndiwo mwambo umene ndinakula nawo. Dzina limasunthira kwa wotsatira pamene woyamba wagona kumanda. Azimayi aja, ndi chifundo chawo chonse, anali atamuika mwana wanga m'manda ali moyo.

Mawu ndinali nawo, akuthwa bwino, atafika kale pamlomo. Koma mtsikana wanga anali ataima pambali panga, atabwera kudzanditenga pochokera kusukulu, mkono utangochotsedwa chikhakha, wowonda ndi wotuwa. Ndinamuyang'ana. Ankamwetulira, akudziluma mlomo kuti zisaoneke. Moyo wake wonse ankamva amayi ake akuitanidwa ndi dzina la amene anamuthyola mkono. Panjira ankadumphadumpha kutsogolo kwanga.

"Mami, mwamvela mwamene bakuitanilani?"

"Namvela."

"Imveka bwino, ayi?"

"Imveka bwino, mwana wanga."

Ndinameza mawu anga, ine amene sindinamezepo mawu chibadwire.

Choncho ndinakhala amake mtsikana. Dzina latsopanolo linafalikira msanga, kumsika, kuchigayo, kokapereka mkaka, ngati anthu ankangodikira kuti wina ayambe. Dzina la mnyamata linazimiririka m'dera lonse. Milungu inkatha osalimva pakamwa pa munthu. Ndinkalitchula ndekha kukhola m'mawa, motsitsa, ngati mmene ndinkamuitanira kale kuti adzuke akakame. Sindinena kuti ng'ombe inkamva. Inangotopa ndi kulimbana nane, n'kuyamba kutulutsa mkaka popanda mluzu. Nayonso inamuiwala, ndipo ndinaikwiyira chifukwa cha zimenezo.

Malo amodzi okha ndi amene ndinatsala amake uje. Kufamu kuja amalola makolo kukacheza kamodzi pamwezi. Ndimakama m'mamawa, kusiya mtsikana kwa aneba, kukwera maminibasi awiri, n'kuyenda wapansi kuchokera pamsewu. Pageti mlonda amafunsa funso lomwelo nthawi zonse.

"Amake ndani?"

Ndimalitchula dzinalo mokweza. Iye amatembenuka n'kulikuwa m'bwalo monse, anyamata a kudimba n'kulilandira, kupatsirana: "Uje! Amake uje babwela!" Nthawi zina ndimachita ngati mlondayo sanamve bwino, n'kulibwerezanso. Ndi ulendo wautali kuti munthu akangomva dzina lake, koma ndimauyenda.

Mwana wanga anasintha kumeneko. Masaya anadzaza, maso anayera, manja anauma ndi khasu. Anamupatsa mabedi ake a kabichi ndipo ankandionetsa ngati akundionetsa ana ake. Tinkakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, iye akudya mbatata zimene ndamubweretsera. Mafunso ake anali awiri, ndipo ankabwera motsatana bwino. Loyamba, ng'ombe yakuda ili bwanji. Lachiwiri ankalifunsa akuyang'ana pansi.

"Mami, nibwela liti ku nyumba?"

"Tizaona," ndinkatero. Mawu amenewo ndinawagwiritsa ntchito mpaka anatha ngati sopo.

Chakumapeto kwa chaka mlangizi wake, mayi wodekha wovala magalasi, anandiitanira pambali. Anati mnyamatayo akuchita bwino, ndipo ngati zipitirira chonchi akhoza kubwera kunyumba masiku ochepa pa Khirisimasi, kuti tione. Koma anawonjezera kuti si iye yekha wofunika kukonzeka, kunyumba nakonso kuyenera kukhala kokonzeka, makamaka amene anapwetekedwa. Ndinavomera ndi mutu. Ndinabwerera nayo nkhaniyo n'kuisunga m'mimba, kudikira tsiku labwino loti ndimuuze mtsikana. Tsiku labwinolo silinkabwera.

Anyamata kumeneko amaloledwa kuimba foni nthawi zina. Tsiku lina anandiimbira ndili pamzere kokapereka mkaka. Tikulankhula za kabichi wake, nthawi yanga inakwana, ndipo mnyamata woyeza mkaka anakuwa, amake ndi dzina la mtsikana. Ine foni ili kukhutu ndinayankha mwachizolowezi, "Ee, nabwela!" Kumbali inayo kunangoti zii.

"Halo?" ndinatero.

"Mami, ni ndani wamene baitana?"

Ndinati netiweki ikuvuta, ndikuimbira. Anadula yekha.

Ulendo wotsatira mlonda anakuwa dzina monga mwa nthawi zonse, koma mwana wanga anabwera pang'onopang'ono. Anakhala kumapeto kwa benchi. Mbatata sanazikhudze, ndipo za ng'ombe sanafunse.

"Munayankha," anatero.

"Ninayankha."

"Munaniuza imwe mweka za ambuya, mwamene banabachinjila zina. Kansi ine ninafa?"

Nkhani ya amayi anga ndinamuuza ndine ali wamng'ono, tikusenda chimanga, osadziwa kuti akuisunga. Ndinamufotokozera zonse, za azimayi a kumpingo, za chifundo chawo, za mlongo wake akudumphadumpha panjira. Ndinamuuza kuti sanafe, kuti dzina lake ndimalitchula m'mawa uliwonse ngakhale womva ndi ng'ombe. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanakwiye, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya, chifukwa mkwiyo wake ndinauzolowera. Anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja ngati kamwana.

"Ngati sininafe, nibwela liti?"

"Tizaona" uja anakana kutuluka. Ndinamuuza zoona, kuti yankho silili ndi ine ndekha, lili ndi mlongo wake. Kenaka anadzuka, anapita kudimba kwake, n'kubwera ndi kabichi wamkulu kuposa onse, atamudula bwino.

"Mumupase. Mukamuuze kuti pepa. Mukamuuze kuti siniza mugwila futi."

Kabichi ameneyo ndinamunyamula pamiyendo m'maminibasi onse awiri.

Mawa lake masana tinakhala pakhonde ndi mtsikana, tikusenda mtedza wa mbewu, mitambo ya mvula itayamba kusonkhana. Ndinaika kabichi pakati pathu. Ndinamuuza kumene wachokera ndi mawu amene anabwera naye. Ndinamuuza za Khirisimasi, kuti ndi masiku ochepa chabe, kuti ine ndidzakhalapo nthawi zonse. Ndinamuuzanso za foni ija, ndi funso limene mchimwene wake anandifunsa, ndi chimene kusintha dzina kumatanthauza kwathu. Sindinamukakamize. Ndinayesetsa kuti mawu anga asapendekere mbali imodzi, ngakhale mtima unali utapendekera kale.

Anapitiriza kusenda mtedza osandiyang'ana. Kenaka anasiya, n'kuyamba kusisita mkono uja, pamene pamamuwawa kukachita mitambo. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti akutero.

"Zina mumubwezele, mami," anatero. "Ni yake. Ine sininapemphe."

Ndinati nditsegule pakamwa kuti ndimuthokoze, koma anali asanamalize.

"Koma iye asabwele. Osati manje."

Anatenga mtedza wina n'kupitiriza kusenda. Mwana wamng'ono chonchi anali atayeza zinthu ziwirizo yekha, n'kupereka chimene akanatha kupereka, chimene ankachikonda, kuti asunge chimene sakanatha. Ndikanamuuza chiyani? Ndinamukokera pachifuwa panga, iye n'kulira kulira kumene sanalire tsiku la mpini lija. Kabichi tinadya masiku atatu, ndipo iye anadya nawo.

Lachinayi lotsatira ndinaimirira pamsonkhano wa azimayi ndisanaitanidwe. Ndinawathokoza chifukwa cha mtima wawo, ndipo ndinathokoza moona. Kenaka ndinati, "Azimai, nibwezeleni zina yanga. Mwana wanga ali moyo, alima kabichi. Ikalemela nizainyamula neka." Ena anayang'ana pansi. Amayi apampando anati, "Tamvela, amake uje." Linatuluka movutikira ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa, koma linatuluka.

Kufamu ndinapita ndi nkhani zonse ziwiri. Ndinayamba ndi ya dzina, iye anamwetulira. Ndinamuuza inayo, anagwedeza mutu pang'onopang'ono nati wamva. Anafunsa ngati mlongo wake anadya kabichi, ndinati anadya. Khirisimasi anadyera komweko ndi anzake, ife kuno tinapha nkhuku imodzi n'kulephera kuimaliza.

Tsopano kumsika akakuwa "Amake uje!" ndimatembenuka msanga, mwina msanga kuposa mmene mayi wa msinkhu wanga ayenera kuchitira. Dzinalo ndimabwera nalo kunyumba tsiku ndi tsiku, ndimalowa nalo pageti, ndimakhala nalo pakhonde. Majombo aja ndimavalabe ndi nsanza zake kutsogolo. Mtsikana akukula, ndipo tsiku lina anandifunsa yekha ngati mchimwene wake ananenepa. Sindinawonjezerepo kanthu, ndinangoyankha kuti ananenepa.

Mwezi wathawu ndinapitanso. Mlonda anafunsa, ndinayankha, anyamata anakuwa. Mwana wanga anabwera akuthamanga, anadya mbatata zonse, anandionetsa anyezi amene wayamba kulima. Anafunsa za ng'ombe yakuda, ndinamuuza kuti ili ndi bere. Kenaka ndinakhala chete kudikira funso lachiwiri lija, yankho langa losauka nditalikonza kale. Ndinadikira mpaka belu lotsanzikana linalira. Sanafunse.